Kulibe Moto

Lameki mwana wanga,

Ndakhala pa benchi kuseri kwa tchalitchi, anthu atabalalika kale, chifukwa kunyumba sikukulembeka kanthu masana ano. Amayi ako akukazinga mtedza wa kamba wako, abale akungobwera mmodzimmodzi kudzakutsanzika, ndipo atsibweni ako a Mofati akhala pampando wanga, akukuyesa buluku limene akusokera. Ndakuona ukutembenukatembenuka pamaso pawo, mano onse ali panja. Nsapato zimene ndakugulira ine pa Chitakale wangoti "zikomo bambo" n'kuziponya m'sutikesi. Zandipweteka, ndipo sindibisa. Ndine munthu wansanje, mwana wanga, ndipo zonse zimene ndikulembere pano zaphuka pa nsanje imeneyo.

Mawa ukukwera basi ya ku Zomba kukayamba koleji. Kalatayi uiwerenge basi itawoloka mlatho wa Thuchila, ndipo ukamaliza uing'ambe tizidutswatizidutswa, pakuti masiku ano pepala lili ndi miyendo. Muli malangizo m'menemu, koma mulinso chinthu chimodzi chimene ukachimva mwina sudzafunanso kunditchula bambo. Ndikuopa kwambiri, komabe ndilemba.

Ukudziwa kuti pamudzi pano ndine mkamwini. Ndinabwera ndi khasu ndi bulangete limodzi kudzakwatira amayi ako, ndipo mwambo wathu umati ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi atsibweni. Zimenezi sizinkandivuta pamene a Mofati anali ku Halale. Anabwerako iwe uli ndi zaka zinayi, atasenza makina osokera ndi bokosi la mabuku, koma Mulungu anamuiwala m'sitima. Anamanga nyumba moyang'anana ndi yathu n'kuyamba kusokera pakhonde, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinakhala ngati ndilibe mwana. Ndinkachokera ku esiteti, kumene ndagwira ukapitawo wa othyola tiyi zaka zonsezi, miyendo ili thapsa ndi mame, n'kukupeza wakhala pansi pa makina awo ukutola tizigamba ta nsalu. Ndikatsokomola kuti undione, sunkatukula n'komwe mutu.

Cholakwa changa choyamba chinali kukangana pofuna kupambana. Pakhonde la atsibweni ako pankadzaza anthu Lamulungu masana, ena obwera ku bawo, ena ongofuna kumva munthu wonena poyera kuti kumwamba kulibe aliyense. Ine monga mkulu wa mpingo ndinkapitapo, Baibulo lili m'khwapa, kuti ndikawatseke pakamwa iwe ukuona. Sabata ina mayi wina wa m'makomboni a pa esiteti anawotcha dzanja la mwana wake chifukwa choba ndiwo mumphika, ndipo ife akulu a mpingo tinamudula. A Mofati anandilandira ndi nkhani imeneyo.

"Alamu, ndamva mwamudula mayi uja."

"Tamudula ndithu. Munthu wotani wowotcha mwana wobala yekha?"

"Mwachita bwino. Kodi dzanjalo analisunga pamoto nthawi yaitali bwanji?"

"Kamphindi chabe, koma mwana walemala."

"Eti kamphindi, inu mwamudula. Nanga Atate anu aja, amene mumati adzaika ana awo thupi lonse m'moto wosazima, amenewo muwadula liti?"

Anthu anaseka. Iwenso unaseka, usakudziwa n'komwe chimene ukusekera, ndipo kuseka kwako ndi kumene kunandilowa m'mafupa. Ndinabweza mokalipa. Ndinati, "Nanga mzungu wa thangata uja, amene anakwapula bambo anu mpaka kusanza magazi n'kukafera kwawo pabedi labwino, mlandu wake udzazengedwa pabwalo liti? Mukachotsa moto, alamu, mwamumasula ndinu." A Mofati anasiya kupalasa makina. Kenako anati, "Pamenepo mwandigwira. Zimandiwawa kuti anafa osalipira. Koma ngakhale iyeyo, atapsa zaka zana zingandikwanire. Kupitirira apo ndingayambe kumumvera chisoni." Waona, Lameki? Iwo ankatha kunena kuti "mwandigwira." Ine mawu amenewo sanatulukepo m'kamwa mwanga ngakhale tsiku limodzi. Ndinapita kunyumba ndikudziguguda pachifuwa, koma ndinapita ndekha, iwe unatsala pakhondepo. Ku koleji ukakumana ndi anthu akuthwa m'kamwa kuposa atsibweni ako. Wina akakugwira, vomera kuti wakugwira.

Cholakwa chachiwiri chinali bodza, ndipo ndinanamira amayi anga ondibala. Agogo akowo sunawaone. Anawoloka Ruo pothawa Apwitikizi ine ndili kumsana, ndipo mpaka kufa sanapondepo m'tchalitchi. Ankathira ufa pansi pa mtengo wa mpoza n'kumaitana Muluku, ndiye Mulungu m'Chilomwe chathu. Tsiku lina a Mofati anandifunsa, osati moseka ayi, koma motsitsa mawu: "Alamu, mayi anu aja ankagawira ana a eni makaka awo chaka cha njala, iwo n'kugona ndi madzi okha, monga mwa buku lanuli ali kuti lero?" Ukanakhala kuti sunali pomwepo, mwina ndikananena zoona. Koma unali utatsamira mwendo wawo ukundiyang'ana, ndiye ndinati, "Anabatizidwa ali pamphasa, atatsala pang'ono kutsirizika." Linali bodza lamkunkhuniza. Panalibe mbusa, panalibe madzi, ndipo a Mofati ankadziwa, pakuti amayi awo ndi amene anasambitsa mtembo. Anangoti, "Ngati zili choncho, zili bwino," n'kupitiriza kusoka.

Mpaka lero sindikudziwa kumene amayi anga ali. Ndikatsegula Baibulo ndimapeza malo ena ondiopsa, ena onditonthoza, ndipo ndikaganiza za iwo ndimakakamira otonthozawo. Ndinafunsapo abusa, anandiuza kuti ndisiye m'manja mwa Mwini. Ndikanayankha choncho tsiku lija sindikanachepa. Kumbukira, Lameki, mawu akuti "sindikudziwa" si tchimo. Ophunzira amawaopa kwambiri mawu amenewa, ndipo ndaona kuti iwenso wayamba kuwazemba.

Chachitatu uchikumbukira, chifukwa chinatera pa tsaya lako. Unali m'kalasi ya ubatizo, ine ndikuphunzitsa. Unakweza dzanja n'kunena pamaso pa ana onse kuti, "Atsibweni akuti, ngati Mulungu ankadziwiratu amene adzapse, anawalengeranji?" Ndinakumenya khofi. Unkaganiza kuti ndakwiyira funsolo, koma funso limenelo ndinali nditadzifunsapo ndekha kangapo pakati pa mizere ya tiyi. Chinandiwawa ndi mawu oyambawo, "Atsibweni akuti." Chibadwire chako sindinakumvepo ukuuza munthu kuti "Bambo akuti." Ndinkakuphunzitsa kunola chikwanje, kuwerenga mitambo ya paphiri kuti udziwe ngati chiperoni chikubwera, kupemphera usanadye, koma zonsezo sizinkayenda nawe. Zoyenda nawe zinali za pakhonde paja. Utamenyedwa unakagona kwa atsibweni ako sabata yathunthu. Miyezi ingapo pambuyo pake dzina lako litatuluka kuti wasankhidwa kupita ku sekondale, unadutsa pakhomo pathu uli pa liwiro, ine nditakhala pomwepo, n'kukawauza iwo poyamba. Ine ndinamvera kwa amayi ako. Ukadzakhala ndi mwana, usadzamumenye chifukwa chokonda munthu wina. Khofi limam'kankhira komweko.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Unali utangoyamba sekondale, ukugonera komweko. Inali nthawi imene anthu a mpingo uja wokana kugula makhadi a chipani ankasakidwa m'midzi. Mwina sudziwa kuti anthu amenewo, ngakhale amapemphera kuposa ife, nawonso amaphunzitsa kuti kulibe moto wa Gehena, munthu akafa amangogona. Choncho kuno kwathu mawu awiri akuti "kulibe moto" anasanduka chizindikiro chawo. Munthu akawanena, anthu ankadziwa kale kuti ndi wa gulu liti. Tsiku la msika pa Chitakale ndinapeza anyamata a chipani ataima pachipata akuona makhadi. Mmodzi ankandidziwa. Atabweza khadi langa anati, "A mkulu wa mpingo, kumudzi kwanu kulibe okanika aja?" Ine ndinati, "Kwathu? Kafunseni alamu anga atelala, amene akuphunzitsa ana a eni kuti kulibe moto."

Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti lilime linaterereka. Silinaterereke, Lameki. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti m'makutu mwa anyamata aja mawu amenewo amveka bwanji. Ndinkadziwanso kuti atsibweni ako si a mpingo umenewo, si a mpingo uliwonse, ndipo khadi anali nalo. Ndinkafuna awaopseze pang'ono, mwina anyamule makina awo abwerere ku Halale, kuti ukabwera pa holide udzapeze bambo ako okha.

Anyamata aja anabwera kwa atsibweni ako Lachitatu masana, ine ndili kuntchito. Amayi ako anali pomwepo, ndipo ndi amene anandifotokozera mmene zinayendera.

"Ndinu a Mofati? Tamva mumati kulibe moto."

Atsibweni ako, ndi chizolowezi chawo chija, anayesa ndi anthu obwera kudzatsutsana nawo. Anati, "Eya, kulibe. Khalani pansi ndikufotokozereni bwino."

"Khadi lili kuti?"

"Lili m'jekete m'nyumbamu. Dikirani ndikatenge."

"Musavutike, madala. Ife tikuonetsani kuti moto ulipo."

Anayatsa denga. Inali nyengo ya dzuwa, udzu uli gwa kuuma. Mabuku anapsa, jekete linapsa pamodzi ndi khadi lomwe ankalifunalo. Denga la pakhonde litayamba kugwera pa makina, atsibweni ako analowa pansi pake n'kukoka chitsulocho ndi manja. Ine ndinaona utsi ndili m'munda wa tiyi ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ukufuka pati. Ndinawapeza atakhala pansi, manja ali m'beseni la madzi, khungu likusupuka ngati la mbatata yophika. Fungo lake sindidzaliiwala. Ine amene ndinkalalikira za ng'anjo yamoto mawu ali see, ndikukometsera kuti anthu anjenjemere, ndinathawira kuseri kwa nkhokwe n'kukasanza. Moto umenewo sunathe ngakhale ola limodzi.

Patapita masiku, tcheyamani wa dera anatsimikiza kuti munthu wa bawo ndi kachasu pa Lamulungu sangakhale wa mpingo uja, ndipo nkhani inathera pomwepo, popanda wopepesa. Anthu anayamba kunong'ona kuti anawanenera ndi telala mnzawo wa pa Chitakale, chifukwa cholimbirana makasitomala. Iwe utabwera pa holide unalumbira kuti bambo amenewo sudzawapatsanso moni, ndipo mpaka lero umawadutsa ngati chitsa. Ndinakumva ukulumbira, koma sindinakuuze zoona. Munthu uja alibe mlandu. Ukadzabwera, ukawapatse moni ndi manja awiri.

Denga latsopano ndinamanga ndine. Ndinadula mitengo, ndinamweta udzu, ndipo anthu ankandiyamikira kuti taonani Mkhristu weniweni, akumangira mlamu wake wachikunja. Tsiku lina ndili pamwamba ndikufolera, atsibweni ako atakhala pansi manja ali m'mabandeji, anati, "Alamu, mnyamata wa chipani uja anandiuza amene anamulozera kuno." Luzi linandipulumuka m'manja. Iwo anapitiriza, "Chemwali wanga sindimuuza, mwanayonso sindimuuza. Mwana amafunika bambo. Mangani bwino pakonapo, padzadontha." Nditatsika ndinagwada, ine mkulu wa mpingo, pamaso pa munthu wosapemphera. Ndinawafunsa kuti akundikhululukira chifukwa chiyani, popeza alibe amene amamuopa kumwamba. Anati, "Ndikakusungirani mkwiyo, azipsa ndani? Moto wanga unazima Lachitatu lomwelo, alamu. Wanuwo ndi umene sindikudziwa kuti udzazima liti."

Ukuganiza kuti ndinawakonda kuyambira pamenepo? Ayi ndithu. Nsanje inakula. Anali atanditengera mwana, tsopano ananditengeranso chikhululukiro, chimene ndinkayesa ndi katundu wa m'sitolo mwathu ife opemphera. Ine ndinkachilalikira, iwo anachichita, ndipo anachichita mosavutika, akuyang'ana pakona pa denga. Ndikawaona akulimbana ndi kulowetsa ulusi pa singano ndi zala zokwinyika zija ndimamva manyazi, koma pansi pa manyaziwo pamakhalabe kaduka kakuti n'chifukwa chiyani munthu ameneyu ali wabwino kuposa ine popanda kugwada ndi kamodzi komwe. Ndapempherera mtima umenewu zaka zambiri ndipo sunachoke.

Usaganize kuti ndikukutumiza kumbali yawo. Ine ndimakhulupirirabe, ndipo ndikufuna iwenso uzikhulupirira. Ndikayang'ana phiri lathuli m'mawa mitambo ikuchoka, sinditha kuvomera kuti lilibe mwini. Ndimakhulupirira kuti kuli bwalo kutsogoloko, chifukwa mlandu suwola. Anyamata aja akuyendabe pamsika, anenepa, ena ndi madikoni tsopano, ndipo payenera kukhala wina wodzawafunsa za Lachitatu lija. Adzandifunsanso ine. Koma za moto wosazima sindinalalikireponso kuyambira tsiku lija. Ikafika nthawi yanga yolalikira ndimasankha mutu wina. Sindinena kuti kulibe, sindinenanso kuti ndikuumvetsa. Ndinaona zimene moto wa ola limodzi umachita pa manja a munthu, ndipo pakamwa panga sipathanso kuukometsera.

Ku Zomba ukapeza anzako onyoza opemphera, akuti ndi mbuli za kumudzi. Ukamaseka nawo uzikumbukira kuti amayi ako, amene agulitsa nthochi zaka zonsezi kuti uvale, amagwada m'mawa uliwonse kukutchula dzina. Ukapezanso opemphera okonda kugawira anzawo malo ku Gehena ngati akugawa minda. Amenewo uziwaopa kwambiri, chifukwa ndikuwadziwa, ndinali mmodzi wa iwo. Munthu akamakondwa potchula amene adzapse, kawirikawiri amakhala ali naye kale m'maganizo, ndipo si Mulungu amene wamulakwira. Uzipita ku tchalitchi ngakhale mutu uli ndi mafunso. Uzifunsa, koma uziona amene ukumufunsa ndi amene waima kumbuyo kwake. Khadi lako liziyenda m'thumba la malaya, osati m'jekete lopachika. Ndipo koposa zonse, mwana wanga, sunga pakamwa. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinasiya mlomo pachipata cha msika, ndipo ndimaupeza tsiku lililonse ndikatuluka m'nyumba n'kuyang'ana khonde la patsidya.

Mwina ukufunsa kuti ndaululiranji lero, poti atsibweni ako akanasunga chinsinsichi mpaka kumanda. M'mawa uno, pamene amavutika kumanga batani la buluku lako, unagwira dzanja lawo n'kuliyang'anitsitsa. Unati, "Ine za moto sindikhulupirira, koma amene anachititsa izi, ndikanakonda ukanakhalapo chifukwa cha iye yekha." Amayi ako anati usamatero. Atsibweni ako sanandiyang'ane, anangoti, "Imirira bwino, ndione ngati latalika." Anandiphimbanso kachiwiri, ine nditaima pakhomo ndi Baibulo m'manja.

Pamenepo ndi pamene ndinatopa. Zaka zonsezi ndakhala bambo ako mwa chifundo chawo. "Zikomo bambo" aliyense amene wandipatsa, ndi iwo anandisiyira, pakuti akanatsegula pakamwa kamodzi kokha sukanandipatsanso. Sindikufunanso ubambo wobwereka kwa mlamu. Kuli bwino udane nane pa zimene ndinachita ndekha, kusiyana n'kuti uzindilemekeza chifukwa iwo alola. Ukhoza kunena kuti imeneyinso ndi nsanje, ndipo sindikana.

Amayi ako ndiwauza ndekha mawa basi ikanyamuka. Zimene anganene ndi zimene mudzi ungachite ndi mkamwini wotere, ndi zanga, usazisenze. Atsibweni ako uziwalembera, akuyenera. Ndidzawawerengera ndine makalatawo maso awo akadzafooka, ngakhale zidzandiwawe.

Wakhala ukutsutsana nane chikulire chako kuti chilango chopanda mapeto ndi nkhanza, kuti bambo weniweni salanga kosalekeza. Ine ndinkati ndiwe mwana, sudziwa kulemera kwa tchimo. Tsopano walidziwa, ndipo wolakwayo wadzibweretsa yekha pabwalo lako. Ndilange, Lameki. Ukafuna kukhala chaka osandilembera, khala. Ukafuna zaka zisanu osandiyankhula, ndidzapirira, sindidzatuma munthu kudzakupepesa. Ndikupempha chimodzi chokha, ine amene ndinkakana chimenechi kwa anthu ena onse: chilango changa chikhale ndi polekezera, ndipo undiuze kuti ndi liti, kuti ndiziwerenga masiku.

Yenda bwino. Mulungu amene ukumukayikirayo akusunge.

Ndine, ukalola,
bambo ako.